Mayi wa Beseni wa ku Amra

A Mifleh anayendetsa alendo kupita ku malinga a m'chipululu kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, koma sanalowepo m'linga ngakhale limodzi. Msewu wochokera ku Amman ankaudziwa mpaka maenje ake. Pa Kharana ankaimika basi kumbali ya mthunzi, pa Amra pafupi ndi tenti ya a Khalaf, pa Azraq kutsogolo kwa nyumba yodyera. Akatsegula chitseko alendo n'kutsika, iwo ankatambasula miyendo n'kuyamba kufunafuna pamene pali khofi.

Sanali okha ochita zimenezi. Dalaivala amatsala ndi basi, chifukwa m'basi mumatsala zikwama za eni ake, ndipo kanthu kakasowa wofunsidwa si wotsogolera alendo ayi. Zaka zoyambirira a Mifleh ankaopa bwana. Kenako chinangokhala chizolowezi, ndipo pamapeto pake anali manyazi. Munthu wa imvi zake angadzuke bwanji pakati pa madalaivala anzake n'kunena kuti lero ndikufuna ndikaone nawo? Akanamuseka njira yonse mpaka ku Amman.

Zikanathera pomwepo sipakanakhala vuto. Vuto linali kunyumba ku Marka, kumene akazi awo a Zahiya anakhala zaka khumi ndi chimodzi akusamalira apongozi awo amene anafa ziwalo mbali imodzi. A Zahiya sankapita patali kuposa kagolosale ka pangodya. Ndiye madzulo aliwonse, amuna awo akamavula nsapato, iwo ankafunsa kuti, “Lero mwaona chiyani, bambo a Rakan?”

Mwamuna angayankhe kuti ndaona matayala? A Mifleh ankatola tinkhani kwa otsogolera alendo pa chakudya chamasana, monga kakuti ku Amra kuli chimbalangondo choimba gitala pakhoma, kapena kuti kuli denga lojambulidwa nyenyezi. Pamene tinkhanito tathera iwo ankawonjezera zawo, ndipo anazindikira kuti luso ali nalo ndithu.

Bodza lalikulu linabadwa tsiku limene anapeza a Zahiya atakhala pansi m'khitchini, diresi yonse ili msuzi wokhawokha. Mayi awo a Mifleh, amene matenda anawasandutsa aukali, anali atawakhuthulira mbale n'kuwanena kuti akufuna kuwapha ndi mchere. A Mifleh anaima pakhomo mtima ukuwawa. Ankafuna kunena chinachake, koma amuna a m'banja lawo mawu otere sawadziwa. Bambo awo anachita kumwalira osayamikapo ngakhale tiyi. Ndiye anakoka mpando n'kunena kuti, “Ku Amra kuli chithunzi cha mayi wina akusambitsa mapazi a nkhalamba m'beseni. Kalonga amene anamanga nyumbayo analamula kuti mayiyo amujambule pamwamba pa mpando wake, kuti iye akakhala azikhala pansi pa mayiyo.”

A Zahiya anapukuta m'maso. “Wavala zamtundu wanji?”

“Zobiriwira.”

Kuyambira tsiku limenelo mayi wa beseni analowa m'nyumba mwawo. Beseni linakhala lamkuwa, nkhalamba inakhala ya tsinya. Tsiku likavuta kwambiri a Zahiya ankafunsa ngati mayi uja akadalipo, ndipo a Mifleh ankati alipo, ndamuona lero lomwe.

Mayi awo anamwalira nyengo yozizira ikuyamba. Patapita miyezi inayi, Loweruka lina m'mawa, a Mifleh anaimika basi pafupi ndi mzikiti wa ku Marka kudzanyamula gulu la amayi amene anakonza ulendo wa tsiku limodzi. Nthawi zambiri ankanyamula azungu, koma mwezi umenewo azungu anali ochepa. Amayiwo anakwera ndi mafulasiki a tiyi, buledi wopaka mafuta a azitona ndi nthangala za mpendadzuwa zokwanira ukwati. Wachisanu ndi chitatu kukwera anali a Zahiya, atavala mpango watsopano.

“Mayi a Rakan! Kwagwanji? Ndaiwala foni?”

“Simunaiwale kanthu. Ndikupita ku Amra.”

“Tinakubisirani dala, bambo a Rakan,” anatero a Wadha, oyandikana nawo nyumba amene anasonkhanitsa gululo. “Lero muyendetse bwino, bwana wanu weniweni wakwera.”

Amayi onse anafa nako kuseka, ndipo a Mifleh anasekako ndi mano okha. Atadutsa mafakitale a ku Sahab n'kulowa m'chipululu, anayamba kulakalaka kuti tayala liphulike kapena injini itenthe. Koma basi inali itangochoka kugalaja, ndipo inkathamanga mopanda chisoni pakati pa magalimoto akuluakulu opita kumalire.

Kenako panachitika chinthu chimene sanachiyembekezere. Wotsogolera alendo, mtsikana wa magalasi dzina lake Sawsan, anatenga chimkuzamawu n'kuyamba kufotokoza m'Chiarabu. Zaka zonsezi nkhani imeneyi inkadutsa pakhutu pa a Mifleh m'Chingerezi, m'Chitaliyana ndi m'Chifalansa, ngati phokoso la mafiriji. Lero anaimva. Kani nyumbazi zatha zaka zoposa chikwi ndi mazana awiri? Kani si malinga ankhondo onse, zina zinali nyumba zosambira ndi zopumulirako posaka nyama? Anapezeka atatchera khutu mpaka galimoto ya kumbuyo inawaimbira hutala.

Pa Kharana amayi anatsika n'kulowa pa chipata cha chinyumba cha ngodya zinayi chija. A Mifleh anatsala akuchiyang'ana kunja monga mwa masiku onse, koma lero timazenera take topapatiza tinawavutitsa maganizo. Munthu ali m'kati amaonera chiyani pa kampata kotere? Patatha ola a Zahiya anatuluka nsapato zili mbuu, nkhope ikuwala.

“Bambo a Rakan, zipinda zake! Ine ndinasiya kuwerenga. Ndipo mtsikanayu akuti mpaka lero palibe akudziwa bwinobwino kuti anachimangira chiyani. Ena akuti ankagonamo amalonda, ena akuti ankakumaniramo akuluakulu a mafuko. Koma kasupe munkanena uja, wa pakati pa bwalo, sindinamuone.”

“Anauma,” anatero a Mifleh. “Chaka chatha.”

“Ayi, zachisoni.”

“Nanga pamwamba mumakwerera pati?” Funsolo linatuluka lokha m'kamwa mwa a Mifleh, ndipo anachita kuligwira mchira. “Ndikutanthauza inuyo, munakwerera mbali iti? Poti masitepe ake ndi ovuta.”

A Zahiya sanazindikire kanthu. Anakhala pampando wa kumbuyo kwa dalaivala n'kuweramira kutsogolo. “Ku Amra mulowe nane. Ndikufuna mukandionetse nokha mayi uja.”

“Dalaivala sasiya basi, mayi a Rakan. Ndi lamulo.”

“Lamulo la ndani? Muli chiyani m'zikwamamu, nkhaka za a Wadha?”

“Lamulo ndi lamulo.”

A Zahiya anangoti chabwino, ndipo aliyense amene anakwatira kwa zaka makumi atatu amadziwa kuti chabwino wotere si chabwino.

Pa Amra mphepo inali kuwomba mchenga, ndipo Sawsan anati ayambe apumula pang'ono mu tenti. A Khalaf, Mbedu wa ndevu zoyera, wa mtundu wa abusa a m'chipululu, amene anamwetsa a Mifleh khofi kwa zaka zonsezi, anawalandira mofuula. Anatenga ketulo yamkuwa kudzanja lamanzere, tikapu kudzanja lamanja, n'kuyamba kuthira khofi wowawa wonunkhira, pang'ono pansi pa kapu monga mwa mwambo. Aliyense ankamwa n'kugwedeza kapu kusonyeza kuti wakwana. Atafika pa a Zahiya, iwo analandira kapu n'kuiika pansi pamphasa osalawa.

Amayi onse anayang'anana. Mlendo akaika khofi pansi osamwa ndiye kuti wabwera ndi pempho, ndipo sadzamwa mpaka mwini nyumba atavomera. Zimenezi amachita amuna akuluakulu pokafunsira mbeta kapena poyanjanitsa mabanja amene anakhetserana magazi. Palibe anaonapo mayi wa ku Marka akuzichita pa ulendo wokaona malo.

A Khalaf anayang'ana kapu, anayang'ana mwini wake, nkhope yawo ikulimbana ndi kuseka. Koma khofi wozizira pamphasa pawo ndi chitonzo, kaya waika ndi ndani. Anadzigunda pachifuwa.

“Imwani khofi wanu, achemwali. Chimene mwadzera mwachipeza.”

“Bwanji osafunsa kaye, a Khalaf!” anakuwa a Mifleh.

“Ndanena kale, achimwene. Amayi onsewa amva.”

A Zahiya anamwa, anagwedeza kapu mwaulemu, n'kunena kuti, “Ndikupempha kuti amuna angawa muwachotse mu tenti muno, ndipo basi muisunge inuyo. Ndikufuna akandionetse zithunzi. Amazidziwa kuposa aliyense.”

“Bambo a Rakan? Zithunzi za mu Amra?” A Khalaf anatsegula pakamwa kuti apitirize, koma ataona nkhope ya mnzawo anatsekanso. Mbedu saulula mlendo wake pagulu. Anangotambasula dzanja. “Makiyi, achimwene. Ngakhale nthangala imodzi sisowa.”

Madalaivala awiri amene anali pangodya anaimirira kuti aonerere bwino. A Mifleh anakonza mpango wawo wofiira wa kumutu n'kutsika kanjira kamene anakhala akukayang'ana zaka makumi awiri ndi zitatu. Kanali kafupi mochititsa manyazi. Anadutsa chitsime chakuya ndi pamene nyama inkazungulira potunga madzi, ndipo anafuna kuima kuti asuzumire, koma anakumbukira kuti munthu wodziwa malo sasuzumira.

Choyamba kuwadabwitsa m'katimo chinali kuchepa kwake. M'nkhani zawo Amra inali ndi makonde ndi zipilala zosawerengeka, koma apa panali chipinda chimodzi chachikulu cha madenga atatu okhota, ndi tizipinda tosambira pambali. Maso atazolowera mdima, makoma anayamba kudzaza anthu. Kunali alenje akuthamangitsira abulu akutchire mu ukonde, agalu atatambasula miyendo, mafumu asanu ndi limodzi ataima pamzere nkhope zina zitafufutika. Kunalinso akazi akusamba, osavala chilichonse chimene munthu angachitchule chovala.

“Mulungu atikhululukire!” anatero a Wadha, akuphimba kumaso ndi zala zotalikirana. “Ndiye izi ndi zimene mumabwerera kuno sabata iliyonse, bambo a Rakan?”

A Mifleh anali atakweza mutu. Denga limodzi linali logawidwa m'timabokosi, ndipo m'kabokosi kalikonse munali munthu ali pa ntchito: uyu akusema mwala, uyu akucheka thabwa, uyu akusula chitsulo, kwinaku ngamila yasenzetsedwa miyala. Kalonga wanji amene amajambulitsa amisiri ake padenga? Anawalipira bwino kodi? Miyalayo ankaitenga kuti, ndipo ngamila inkayenda maulendo angati pa tsiku? Mafunso anawadzadza m'kamwa, ndipo onse anayenera kuwameza.

M'kachipinda kena anakumana nacho chimbalangondo. Chinali chaching'ono, chitakhala ngati munthu, chikukhwacha zingwe za choimbira chake. A Mifleh anasangalala ngati apeza m'bale wawo kumsika wa kutali.

“Mayi a Rakan! Bwerani mudzaone! Chilipodi!”

“Chikanapita kuti?” anatero a Zahiya. Anachiyang'ana pang'ono chabe. Iwo anali atazungulira kale tizipinda tonse, mpaka kamene kali ndi denga lozungulira la nyenyezi, ndipo maso awo sankakhazikika. Anagwira amuna awo mkono wa malaya n'kuwakokera ku chipinda chachikulu, pa kamphako ka kumapeto pamene Sawsan anati m'pamene kalonga ankakhala. Pamwamba pake panali munthu wojambulidwa atakhala pampando. Panalibe beseni.

“Ali pati?”

A Mifleh anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, ngati munthu amene waiwala pamene anaimika galimoto.

“Mwanangu,” a Zahiya anaitana Sawsan, “tandithandize. Mayi wovala zobiriwira uja, wosambitsa mapazi a nkhalamba m'beseni lamkuwa, ali mbali iti? Amuna angawa akalamba, aiwala.”

Sawsan anali atalowa m'nyumbayo kambirimbiri ndipo ankadziwa ngakhale zikhadabo za agalu a pakhoma. Ankadziwanso kuti a Mifleh sanawaonepo m'katimo. Anawayang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo poti anali mwana woleredwa bwino, anawaponyera chingwe.

“Azakhali, zithunzi zambiri muno zinawonongeka. Abusa ankakoleza moto muno nthawi yozizira, mwaye unadetsa makoma, ena anakanda mayina awo. Mukuona apo?” Analoza pamene pulasitala anagwa n'kusiya chigamba chotuwa. “Malo ngati amenewo sitidziwa kuti panali chiyani. Si choncho, amalume?”

Sanali atanama ngakhale liwu limodzi. A Mifleh anangoyenera kugwedeza mutu, ndipo anaugwedeza. Sawsan anatsogolera amayi ena panja kukaona chitsime.

A Zahiya anatsala ataima pansi pa chigamba chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali, manja atagwira chikwama pamimba. Kenako ananena motsitsa, osatembenuka, “Ndachedwa. Anandidikira zaka zonsezi, ine n'kuchedwa.” Misozi inatsika mpaka pa mpango watsopano uja.

A Mifleh anali atakonzekera kukalipiridwa ndi kusekedwa mu tenti mpaka kukalamba. Izi sanazikonzekere. Mkazi wawo anali kulira maliro a munthu amene iwo anamupanga m'khitchini, ndipo ankadziimba mlandu yekha. Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

“Simunachedwe, Zahiya.” Dzinalo anali asanalitchule kwa zaka. “Sanakhalepo. Ine muno ndalowa lero, limodzi ndi inu. Zaka zonsezi ndimathera pa tenti.”

A Zahiya anatembenuka pang'onopang'ono. “Lero?”

“Lero.”

“Kasupe wa ku Kharana?”

“Kunalibe.”

“Ndiye kanjira aka kanakukanikani? Ine ndili m'nyumba ndi mabeseni, ndikudikira kuti maso anu andionere, inu muli pamphasa mukumwa khofi?”

A Mifleh anadziwa kuti zinali zoona. Panja ankamva a Wadha akufuulira m'chitsime kuti amve mawu awo akubwerera.

“Nanga za mayi uja anakuuzani ndani? Wotsogolera alendo uti?”

“Palibe.”

“Zoti amujambule pamwamba pa mpando, kalonga azikhala pansi pake?”

“Ndine.”

A Zahiya anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango n'kuwayang'ana amuna awo monga momwe anayang'anira makoma aja, kufunafuna chimene chili pansi pa mwaye. Mkwiyo sunachoke pankhope pawo, koma panabwera china pambali pake.

“Ine ndinkati m'dziko lonse muno munthu mmodzi yekha ndi amene anaona ntchito imene ija n'kuilemekeza, ndipo anafa kalekale. Ndinkamupempherera, mukudziwa? Ndinkati Mulungu amuchitire chifundo kalonga ameneyo. Inu ndinkati simuona. Mumabwera, mumadya, mumapsompsona mayi anu pachipumi, basi.”

“Ndinkaona.”

“Munkaona, n'kutenga mawu anu kukapatsa munthu wakufa kuti andiuze?”

“Ine sindidziwa kunena zinthu zotere, mayi a Rakan. Kwathu sitinaphunzire.”

“Kunama munaphunzira kuti?”

Gulu lina la alendo linali kutsika kanjira, ndipo mawu awo ankamveka kale pakhomo. A Mifleh anayang'ana kumeneko ngati kukuchokera chipulumutso, n'kunena kuti mwina atuluke, akambirana bwino kunyumba. A Zahiya sanasunthe. Anaika chikwama chawo pansi, anapinda manja, n'kuima pakati penipeni pa chipinda cha kalonga.

“Kunyumba ndinakhalako zaka khumi ndi chimodzi, simunanene. Alendowo alowe, sakumva Chiarabu. Nenani pompano, bambo a Rakan, ndi pakamwa panu. Ndikumvetsera.”